Pa Thamanda Padali Anthu Ambiri

Tikaŵerenga mutu 5 wa Uthenga Wabwino wa Yohane, timakumana ndi munthu amene adadwala zaka 38, ali gone pa thamanda la Betesda ku Yerusalemu. Munthuyu sadali m'thengo ayi. Makonde asanu a pamalopo adali odzaza ndi akhungu, otsimphina ndi opuwala. Komabe Ambuye Yesu atamfunsa ngati afuna kuchira, iye sadatchule za ululu wake. Adadandaula kuti alibe munthu womtsitsira m'madzi.

Kusungulumwa kwa pakati pa khamu kotereku kuyenera kutichititsa manyazi ife Akhristu. Taganizani za gogo wamasiye uja wa kumalire kwa mudzi wathu. Ana ao ali ku Blantyre, ena ku Johannesburg. Miyendo idakana, ndipo ku Misa adaleka kubwera. Poyamba tinkafunsana za iwo. Pambuyo pake pa malo ao m'tchalitchi padakhala wina. Enafe, tinene mosabisa, tidayamba kuŵalambalala chifukwa cha manong'onong'o a ufiti, ngati kuti ukalamba ndi mlandu. Koma tsiku limene adzatsikire kuli chete tidzakhamukira komweko ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu adzakumba manda, kwaya idzachezera kuimba. Mwambo wa maliro timausunga bwino, ndipo nkoyenera kutero. Chotidabwitsa nchakuti ufa umene ukadaŵakwanira miyezi iŵiri ali moyo umatha usiku umodzi iwo ali chigonere.

Maepiskopi a AMECEA atakumana ku Nairobi mu 1973, ndiponso mu 1976, adatsimikiza kuti moyo wa Eklezia uzikike pa timagulu ta Akhristu okhala moyandikana. Ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikira ntchito yomweyi pa sinodi ya 1973 mpaka 1975. Chifukwa chake nchapafupi: wansembe mmodzi sangadziŵe aliyense m'parishi, koma mabanja oŵerengeka angadziŵe amene sadatsekule chitseko m'maŵa uno. Tsoka ilo, m'miphakati yathu ina chosamalidwa kwambiri ndi kaundula wa mtulo, ndipo dzina la wosabwera limatchulidwa pokhapokha akakhala kuti sadapereke.

Yesu sadadikire kuti wodwala uja amuitane. Adamuona, nadziŵa kuti wakhalitsa pamenepo, nayamba ndiye kulankhula. Ife tikaŵeruka ku mapemphero a mphakati, njira yachidule yobwerera kwathu imadzera kuseri kwa nyumba ya gogo uja, ndipo kaŵirikaŵiri timadutsapo tikuimba.