Mnzako akapsa ndevu

Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi timaunena mwambiwu pamaliro, pa dima, kapena chigafa cha fodya cha mnansi chikagwira moto. Mkati mwake muli chiyembekezo chakuti chimene wachitira mnzako lero chidzabwerera kwa iwe.

Nanga amene mawa lakelo silinafike?

Mu Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi a Tanzania, pansi pa United Nations, ankathamangitsa zigawenga za ADF m'nkhalango za kufupi ndi Beni, kummawa kwa Congo. Zipolopolo zili mvula, msilikali wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, anagwa atavulala. Chancy Chitete, Mmalawi, anasiya pobisalira, namukokera pabwino n'kuyamba kumumanga mabala. Chipolopolo chinamupeza Chitete pomwepo. Omary anapulumuka. Amalawi asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Chitete, anafa pa nkhondo imeneyo.

Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu wa kulimba mtima pa ntchito yosungitsa mtendere. Ndimaulemekeza ulemuwo, koma mtima umandipweteka, poti mendulo sigwira khasu ndipo silera mwana.

Ndikadutsa pa Mvera n'kuona anyamata a yunifolomu ya usilikali, ndimamukumbukira Chitete. Ndimamukumbukiranso pa Dzaleka, pamene Akongo othawa nkhondo amagula tomato pamsika limodzi ndi ife.