Funso loyamba

Mu Marichi 2020, pa Mussacama kuno ku Tete, anatsegula kontena ya lole yocokera ku Malawi. Anapezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa, 14 akupuma. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa: wopulumuka akaima pamaso pa wapolisi, ayambe kumva ciyani? "Ciphaso cili kuti?" kapena "Mwadya?"

Lamulo la 6/2008 limati munthu wogulitsidwa atetezedwe, ndipo nkwabwino kuti aboma aziphunzitsidwa zimenezi. Koma awaphunzitsenso kudikira. Mtsikana wina wa kuno ku Domwe, amene ananamizidwa nchito ya ku Joni, anabwera ku wailesi ndi azakhali ake. Anakhala cete ola lathunthu, kenaka anapempha madzi. Ine, wodyera pakamwa, ndinatsala pang'ono kumufulumizitsa.