Za Kusunga Vinyo ndi Kusunga Cimanga

Ku dziko la France, m'cigawo ca Burgundy, kuli munda waung'ono wa mpesa dzina lace Romanée-Conti. M'caka ca 1945 mundawo unatulutsa mabotolo 600 okha a vinyo, ndipo m'caka ca 2018 limodzi la mabotolowo linagulidwa pa okushoni ku New York ndi madola 558,000. Ambiri ogula vinyo wotere samgula kuti amwe, koma kuti amsunge m'cipinda cozizira kufikira mtengo wace utakwera. Ayamba afunsa caka cimene mphesa zinakololedwa, pakuti caka ca dzuwa lokwanira ndi mvula ya pa nthawi yace cibala vinyo wokhalitsa, amene akoma pokalamba.

Kapena wina adzati, Nanga ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje, zitikhudza bwanji izi? Zitikhudza ndithu, abale, pakuti malonda omwewo ticita ndi cimanga. Pa nyengo yokolola mavenda apacika masikelo ao pamsika, nagula motsika mtengo kwa mlimi wofuna sopo ndi fizi ya mwana. Pamenepo atsekera matumba m'nyumba, nalindira Januwale ndi Febuluwale. Kodi malonda awiriwa ali amodzi?

Alingana pa kulindira, koma asiyana pa cimene cikweza mtengo. Vinyo akwera mtengo cifukwa asanduka wokoma ndi wosowa, ndipo womlephera kugula sagona ndi njala. Koma cimanga sicikoma pokhalitsa. Anankafumbwe acidya, nicipepuka. Cimene cikula pa miyezi yolindirayo ndico njala ya mnansi, ndipo phindu la wosungayo licokera pomwepo. Akulu akumbukira caka ca 2002: cimanga ca m'nkhokwe za boma cinali citagulitsidwa, mtengo unakwera koopsa, ndipo anthu anafa m'midzi.

Sitinena kuti kusunga kuli koipa. Munthu wogula matumba, nathira mankhwala, nalipira mlonda, agwira nchito yothandiza, pakuti popanda iye cimanga cikadatha msanga m'dera. Ayenera kulandira mphotho ya thukuta lace. Colakwa ciyamba pamene mtima wace ukondwera ndi cilala, namkaniza mai wamasiye ndowa lero cifukwa mawa idzadula.

Tilingalirenso ici: caka cabwino sacipanga wogula, kaya ku Burgundy kaya ku Nathenje. Mvula ndi dzuwa tingozilandira, ndipo cinthu colandira siciyenera kusanduka msampha wa anzathu. Cifukwa cace wosunga ali yense adzifunse yekha, Kodi ndilindira ciani, kukoma kwa katundu wanga kapena kusauka kwa mnzanga? Makolo athu anati kupatsa nkuika. Nkhokwe imeneyo ndiyo yosalowa anankafumbwe.