Ngongole ya malume



Sabata yatha, tisanaswalire janaza ya malume anga, Shehe anafunsa monga mwa nthawi zonse ngati alipo amene malemuwo anamukongola. Kunali zii. Kenako bambo wina wachikulire anayankha, "Iwo ayi. Ndine amene ndinawakongola." Anali mnzawo wa kuubwana. Geni yake ya usipa itagwa, malume anamukongoza ndalama, ndipo kwa zaka zisanu sanamukumbutseko olo kamodzi.

Chimene chinandisautsa n'chakuti m'zaka zomwezo ana awo ankabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Komatu malume ankakonda banja lawo, Isha ikangotha ankalunjika kunyumba osacheza panjira. Ndiye ndinadzifunsa: chifundo kwa mnzako chikayamba kudya gawo la ana ako, imeneyo ndi sadaka kapena kulakwira banja? Paja kusamalira banja ndi faradhi, pomwe sadaka munthu amangodzipereka.

Ndinakafunsa akazi awo. Anamwetulira, misozi ili m'maso. "Iwe, zimene zija tinagwirizana tonse. Ndine ndinawaletsa kukamufunsa."

Ineyo ndinali nditawaweruza kale mumtima. Allah awakhululukire malume, andikhululukirenso ine.