Kodi Wodwala Shuga Akadya pa Tsiku Losala Wachimwa?

M'mipingo yambiri chaka chimayamba ndi kusala kudya, ena masiku 7, ena 21, ena mpaka 40. Asilamu amasala mwezi wonse wa Ramadhani kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, ndipo Akatolika amadzimana pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Pakati pa opembedza onsewa pamakhala munthu amene vuto lake silimveka paguwa: wodwala matenda a shuga, amene amamwa mapiritsi kapena kudzibaya jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku. Akadya amaopa kuti abale amuyesa wachikhulupiriro chochepa, akasala amaika moyo wake pachiswe. Mfundo yanga ndi yakuti munthu ameneyu akadya chifukwa cha matenda ake sanalakwire Mulungu, ndipo mlandu uli pa amene amamuchititsa manyazi mpaka kusala. Umboni wake uli m'kapangidwe ka thupi komanso m'ziphunzitso za zipembedzo zomwe zimalemekeza kusala.

Nsima, chinangwa, mbatata ndi mpunga zili ndi sitachi. Malovu amayamba kuiphwanya m'kamwa, matumbo aang'ono amamaliza ntchitoyo, ndipo m'magazi mumalowa shuga wotchedwa gulukosi, amene maselo amatengako mphamvu. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umatenga pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake, kutanthauza magalamu ngati 120 a gulukosi patsiku, pamene maselo ofiira a magazi sadziwa chakudya china kupatula gulukosi. Poti munthu sadya usana ndi usiku, chiwindi chimakhala nkhokwe ya thupi: chimasunga magalamu pafupifupi 100 a shuga womangidwa pamodzi wotchedwa glycogen, amene Claude Bernard wa ku France anamupeza mu 1857. Kapamba ndiye amayendetsa zonsezi. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini kuti shuga alowe m'maselo. Akasala, insulini imachepa, kapamba amachulutsa homoni ina yotchedwa glucagon, chiwindi n'kuyamba kubwezera shuga m'magazi. Zosungidwazo zikamatha, patapita tsiku limodzi kapena kucheperapo, chiwindi chimapanga gulukosi watsopano kuchokera ku zinthu zina, ndipo mafuta amasanduka ma ketone amene ubongo umatha kudalira. N'chifukwa chake munthu wathanzi amatha kusala n'kumapempherabe mutu ukugwira bwino.

Kwa wodwala shuga dongosolo limeneli ndi lomwe linasokonekera. Insulini yobaya komanso mapiritsi monga glibenclamide sizidziwa kuti lero mpingo ukusala. Zimapitiriza kutsitsa shuga ngakhale m'mimba muli gwa. Shuga akatsika kupitirira 3.9 pa makina oyezera shuga m'magazi, manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, mtima umagunda mothamanga, mawu amayamba kusokonekera, ndipo ngati palibe womupatsa madzi a shuga msanga munthu amakomoka, ubongo n'kuvulala kapena moyo kutayika. Akati asiye mankhwala kuti asale bwino, ngozi imabwerera mbali ina. Amene kapamba wake sapanganso insulini, kutanthauza wodwala shuga wa mtundu woyamba, ma ketone amamuchulukira mpaka magazi kusanduka asidi. Amasanza, amapuma mozama ndi mobanika, ndipo amatha kumwalira m'masiku ochepa. Umu ndi mmene ana odwala shuga ankafera Frederick Banting ndi Charles Best asanapeze insulini ku Toronto mu 1921, ndipo mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, asanakhale woyamba kuilandira mu Januwale 1922. Kafukufuku wa EPIDIAR, amene anachitika m'mayiko 13 n'kufalitsidwa mu 2004, anapeza kuti m'mwezi wa Ramadhani kutsika koopsa kwa shuga kunachuluka ka 4.7 mwa odwala shuga wa mtundu woyamba ndi ka 7.5 mwa a mtundu wachiwiri.

Wokhulupirira kuti Mulungu ndiye analenga munthu sanganene kuti malamulo a thupi ndi a madokotala pamene malamulo a kusala ndi a Mulungu. Amene anaika ubongo kuti uzidalira gulukosi ndi yemweyo amene amalandira pemphero la wosala, ndipo sangafune kupembedzedwa m'njira yoswa zimene anaumba yekha. Zipembedzo zinaiona kalekale mfundo imeneyi. Sura yachiwiri ya Qur'an, pomwe pali lamulo la kusala, pomweponso pali chilolezo cha odwala ndi apaulendo kuti adzabweze masikuwo nthawi ina, ndipo amene sangathe konse amadyetsa osauka. Mpingo wa Katolika sumanga odwala ndi lamulo la kusala. Ayuda amaphunzitsa kuti kupulumutsa moyo kumaposa ngakhale kusala kwa tsiku lopatulika la Yom Kippur. Yesu naye anaikira kumbuyo ophunzira ake atabudula ngala pa Sabata chifukwa cha njala, ndipo mutu 58 wa Yesaya umayesa kusala ndi mmene munthu akuchitira ndi anjala ndi oponderezedwa. Choncho wodwala amene akudya akutsata lamulo lomwelo limene anzake akutsata posala.

Wina atsutsa kuti Mulungu amachiritsa, ndipo kudya chifukwa choopa shuga n'kukayikira mphamvu zake. Adzakumbutsa kuti Mose ndi Yesu anasala masiku 40. Koma nkhani ya Yesu m'chipululu ikuyankha yokha. Atangomaliza masiku amenewo anauzidwa kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amuwakha, iye n'kukana, chifukwa kudziika dala m'ngozi kuti Mulungu akakamizike kuchita chozizwitsa n'kumuyesa. Kubaya insulini m'mawa n'kukhala tsiku lonse kuphiri osadya n'kudziponya kwa mtundu womwewo. Kupempherera machiritso n'kwabwino, ndipo machiritso enieni saopa kuyezedwa: Yesu atachiritsa wakhate anamutumiza kwa wansembe kuti akamuone. Wokhulupirira kuti wachira apite kuchipatala, magazi ayezedwe, dokotala ndiye achepetse kapena kuimitsa mankhwala.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Pali odwala shuga ambiri amene amasala popanda vuto, ndipo kumasula aliyense kungapereke pobisalira kwa aulesi komanso kulanda odwala mwayi wosala pamodzi ndi anzawo. Izi n'zoona mbali ina. Amene shuga wake ndi wokhazikika ndipo amamwa metformin yekha nthawi zambiri amatha kusala atakambirana ndi dokotala, ndipo bungwe la International Diabetes Federation linatulutsa mu 2016 malangizo a Ramadhani ogawa odwala malinga ndi kukula kwa ngozi yawo. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti woyenera kugamula ndi amene akudziwa magazi ndi mankhwala a munthuyo, chifukwa mlaliki sangaone shuga ndi maso. Za aulesi, mpingo uyerekeze zotayika ziwirizi: waulesi akadya mwachinyengo wadzinamiza yekha ndipo ali ndi mawa loti alape, pamene wodwala akakomoka yekha m'nyumba mawa lakelo mwina palibe. Ndiponso wodwala sachotsedwa m'gulu, popeza angathe kudzimana zina zimene thupi lake silizidalira, kupemphera pa maola omwewo, ndi kudyetsa wosowa.

Chimene chimapha odwala ambiri pa nkhaniyi ndi manyazi, ndipo manyazi amachotsedwa ndi mawu a mtsogoleri. M'busa, wansembe kapena shehe polengeza za kusala anene poyera, tsiku lomwelo, kuti odwala shuga ayambe aonana ndi dokotala, kuti asasiye mankhwala paokha, kuti aziyenda ndi shuga kapena maswiti m'thumba, ndi kuti akamva kunjenjemera ndi thukuta amasule nthawi yomweyo popanda kudziimba mlandu. Mtsogoleri amene walamula anthu kusala wasenza udindo pa matupi awo, ndipo udindowo amaukwaniritsa pophunzitsa chilolezo cha odwala mwamphamvu zofanana ndi zimene amaphunzitsira lamulo lenilenilo.