Kodi Wosintha Mpingo Wanyoza Makolo Ake?

Ku Balaka ndi ku Machinga si chachilendo kuona munthu wobadwira mu mpingo wa CCAP kapena wa Anglican akupempha kulowa mu Eklezia Katolika, pamene wina wathu akutuluka kunka kwina. Kawirikawiri chowasamutsa ndi ukwati. Koma funso lowasowetsa tulo nlakuti: kodi posiya tchalitchi chimene agogo anga anaumbira njerwa, ndanyoza manda ao?

Mu 1964 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani unavomereza poyera kuti obatizidwa m'mipingo ina ndi abale athu mwa Ambuye. Nchifukwa chake amene anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera sitimbatizanso; amangovomera chikhulupiriro chathu, nalandira Ulimbitso ndi Ukaristia. Mai amene anamphunzitsa kupemphera sanamsokeretse ai, ndipo asamawachitire manyazi.

Komabe chikumbumtima chimafuna zifukwa zoona. Kusamuka chifukwa chokangana ndi mkulu wa mpingo, kapena pofuna malo pa sukulu ya mishoni, nkusintha malaya thupi lili losasamba.

Koma mlandu waukulu, ndiganiza, uli pa ife olandira. Pamene ansembe a Chimonfoti anatsekula mishoni ya Utale mu 1908, aliyense anali mlendo m'chikhulupiriro. Lero zidzukulu za akhristu oyambawo zimatcha mnzao "wobwera" ngakhale atapemphera nazo zaka 20. Dzina lake lilimo m'kaundula wa parishi, inde. Nanga tsiku limene mwana wake adzamwalire, kodi a mu mphakati adzabwera ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo, nkugona pa siwa mpaka mbandakucha?