Chala cha agogo

Makalata 16 ali patebulo panga pano, ndawapanikiza ndi kapu kuti mphepo isawauluze. Pa 15 pali masiginecha, ena okhotakhota ngati a ku banki, ena dzina chabe lolembedwa pang'onopang'ono ndi dzanja lozolowera khasu. Pa imodzi pali chidindo cha chala chachikulu, inki yake ya bolopeni yochita kupaka. Kalata imeneyi yandisowetsa tulo sabata yonse ino, ndiye ndati ndilembe kuno, mwina mutu ungapepuke.

Ndine patironi wa kalabu ya zachilengedwe pa sekondale ina yoyendera kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje. Mawa Lachisanu tikwera ndi ana a Fomu 3 kuchokera ku Likhubula, kudzera njira ya Chapaluka, kukagona usiku umodzi kunyumba ya alendo ya ku Chambe, n'kutsika Loweruka. Ana amenewa anabadwa akuliona phiri tsiku ndi tsiku. M'kalasi amayankha bwinobwino kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu ndipo kwawo kwenikweni ndi paphiri pano. Koma funsani amene anauonapo mkungudza uli chiimire ndi masamba ake, manja sakwera. Amene amaudziwa amaudziwa uli thabwa pamutu pa munthu akutsika nalo mbandakucha.

Zokonzekera zambiri ndi zotopetsa basi, mulibe nzeru zozama. Ufa wokwana anthu 21, usipa, nyemba, mchere, shuga, machesi m'jumbo, tochi, panado, bandeji. Kulankhulana ndi otiperekeza a ku Likhubula. Kukangana ndi anyamata amene akuti akwera ndi masilipasi. Kupemphetsa majuzi kwa aphunzitsi anzanga, poti mu June muno pamwamba paja pamazizira moti udzu umadzuka woyera mbuu, pamene ana enawa juzi yawo ndi malaya awiri ophatikiza. Zonsezi zatheka. Vuto linali pepala.

Kalata yopempha chilolezo cha makolo tinaipeza kale m'fayelo ya ku ofesi, ya m'Chingerezi, ife tinangosintha masiku ndi dzina la malo. Kumapeto kwake kuli chiganizo chimodzi chimene m'chinenero chathu chikuti: sukulu ndi aphunzitsi sadzakhala ndi mlandu pa ngozi, kuvulala kapena imfa imene ingachitike pa ulendowu. Ndinafunsa ahedi ngati tingachichotse. Iwo anati, "Aphunzitsi, chimenecho ndiye chikutitetezani inuyo. Chisiyeni." Ndinachisiya.

Lolemba mtsikana wina anabweretsa kalata yake ili ndi chala chija. Mayi ake anamwalira, bambo ake ali ku Joni ndipo foni yawo siigwira kuyambira chaka chatha, iye amakhala ndi agogo ake akuchikazi. Ndi mwana amene amalemba mayina a mbalame kuseri kwa kope la masamu. Ndinamufunsa kuti anawawerengera ndani agogowo. Anati yekha. Ndinafunsanso ngati anawamasulira zonse, mpaka mzere wotsiriza. Anangoyang'ana pansi n'kumakanda simenti ndi chala cha phazi. Sindinamukalipire. Inenso pa msinkhu wake ndikanaudumpha mzere umenewo, ndani angauze agogo ake za imfa pofuna kupempha ulendo?

Tsono apa ndi pamene funso linandigwira. Mwa lamulo la ofesi pepala linali lokwana: dzina lilipo, tsiku lilipo, chala chilipo. Ndikanatha kuliika m'fayelo, palibe akanandifunsa. Komatu agogowo anadinda chinthu chimene sanamve. Kodi munthu angavomere zimene sanauzidwe? Nanga ine ndikapita kukawauza, iwo n'kukana, ndiye kuti ndamulanda mwanayo ulendo umene wakhala akuwerengera masiku kuyambira teremu yatha, n'cholinga choti mtima wanga wokha ukhale m'malo. Chilungamo changa alipire ndi mwana. Ndinazengereza masiku awiri, ndikuvomera. Lachitatu nditaweruka ndinakwera njinga.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Atandipatsa mpando ndi malonje, ndinawafotokozera ulendo wonse: maola angati oyenda, kuzizira, miyala yoterera pafupi ndi mitsinje, chifunga chimene chimatha kutseka njira dzuwa lili paliwombo. Ankangogwedeza mutu. Ndinazindikira mochedwa kuti ndikuphunzitsa phiri kwa munthu amene wamweta udzu ndi kutola nkhuni m'mbali mwake zaka zoposa zimene ine ndakhala ndi moyo. Napolo wa ku Phalombe wa 1991 amamukumbukira, wa Freddy mu March 2023 anawakokolera munda. Phiri salidziwira m'buku ngati ine.

Kenako ndinawawerengera mzere uja, m'Chichewa, liwu ndi liwu. Anasiya mpeni.

"Bwerezani, aphunzitsi."

Ndinabwereza.

"Ndiye mukapanda kuyankha inu, ayankhe ndani? Phiri?"

Ndinalibe mawu. Ndinayamba kufotokoza zoti ndi mmene makalata a ku ofesi amalembedwera, koma pakamwa panga pomwe zinkamveka zopepuka. Iwo anandidula mwaulemu. "Ine pepala lanulo sindilidziwa. Mwana anati akupita ndi aphunzitsi ake, ine ndinati chabwino. Ngati sali m'manja mwanu nenani, akhale."

Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa. Ife ophunzira timaganiza kuti chilolezo ndi munthu kumva kuopsa konse, kukuyeza, n'kunena kuti ndalola, zikavuta ndi zanga. Pepala lija linamangidwa pa ganizo limenelo. Koma ndi kholo liti mwa 15 aja limene linachita zimenezo? Bambo wina, munthu wa ntchito ya mu ofesi, anasayina ali chiimire pa geti, njinga yamoto ikulira, osawerenga ngakhale mutu wa kalatayo. Chingerezi amachidziwa kuposa ine. Iye ndi agogo aja anachita chinthu chimodzi: anayang'ana munthu amene akutenga mwana, osati mawu a papepala. Kusiyana kwake n'koti agogowo ananena poyera. Makolo amatipatsa ana, ife n'kuwabwezera risiti yonena kuti sitinalandire kanthu.

Koma ndisakhale ngati ndikuwapachika ahedi, chifukwa nawonso ali ndi mfundo, ndipo si yaing'ono. Mphunzitsi si Mulungu. Mwana akhoza kuponda mwala wogwedera iwe uli pambali pake, maso ako ali pa iye. Phiri ili lapha akuluakulu okhala ndi nsapato zabwino: mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafera cha ku Sapitwa atasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, chifunga ndi kuzizira zinamupeza. Ngati ngozi iliyonse ingamathere kupolisi kapena kuchotsedwa ntchito, palibe mphunzitsi wa boma angatulutse ana kunja kwa mpanda. Ndikudziwa chifukwa anzanga awiri anakana kutiperekeza, mmodzi anati, "Ine ndili ndi ana anga, sindingafere ana a eni." Sindimuweruza. Zikatero ndiye kuti phiri likhala la ana a masukulu olipira a ku Blantyre amene amabwera pa basi ndi zikwama zogonamo, pamene ana a eni dera azingolionera kumunsi. Mzere uja, ndi kuipa kwake konse, ndi umene umachititsa kuti ahedi asayine kuti pitani.

Ndipo pali china chimene chimandiseketsa mowawa. Mtsikana yemweyu Loweruka lililonse amalowa m'nkhalango ya m'mbali mwa phiri kukatola nkhuni, amatsika ndi mtolo wolemera pa miyala yomweyo yoterera, wopanda tochi, wopanda panado, wopanda wamkulu. Palibe amalemba kalata. Ngozi imene umphawi umabweretsa timaitcha moyo, koma ngozi ya kukaphunzira ndiyo timaifunira chidindo. Choncho sindikhulupirira kuti kumusiya kunyumba kukanakhala kumuteteza. Kukanakhala kudziteteza ine.

Pamene ndafika ndi apa. Liwu loti kuyankha lili pawiri. Pali kuyankha mlandu, kwa kukhoti ndi chipukutamisozi, ndipo kumeneko pepala likhoza kunditchinga, kaya mpaka pati. Koma pali kuyankha kwina kumene agogo aja ankanena. Kwathu kuno, amene wanyamuka ndi mwana wa mwini ndi amene amabwerera naye, ndipo zikavuta ndi yemweyo amene amakagwada pakhomo n'kufotokoza mmene zinayendera, osatuma kalata. Kuyankha kumeneku palibe siginecha ingakuchotse. Choopsa cha mzere uja si zimene umanena kwa makolo ayi, ndi zimene umanong'oneza kwa ine: kuti mtolo watsika, ukhoza kugona tulo. Mphunzitsi amene waukhulupirira mzerewo ndi amene sadzuka pakati pa usiku kukawerenga mitu.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma paulendo wotere ndikuona kuti mwambiwu ukuchepa. Mwana wanga ndikhoza kumulola kudumphira m'madzi pa Dziwe la Nkhalamba, ndikudziwa kusambira kwake, ndipo zikalakwika misozi ndi yanga. Wa mnzanga ayi. Pa iye ndili ndi udindo wonse wa kholo popanda ufulu wa kholo woika pachiswe. N'chifukwa chake ndaletsa kusambira, ana anyinyirika, anyinyirike.

Ndisaiwale chimene chinandichititsa manyazi kwambiri pakhonde paja. Titatha za mzere uja, ine ndikuganiza kuti nkhani yatha, agogowo anafunsa osandiyang'ana, maso ali pa chinangwa:

"Nanga atsikanawa usiku agona ndi ndani?"

Kalata yathu inatchula ngozi, kuvulala ndi imfa. Chimene agogo ankaopa sinachitchule, ndipo chimene ankaopacho si phiri. Ndi anyamata a Fomu 3, ndi otiperekeza, ndi ine amene ndinakhala pampando wawo. Munthu wamwamuna zimakuwawa kumva choncho, mtima umafuna kunena kuti agogo, ine mukundiona bwanji? Koma anali ndi chifukwa chofunsira. Tonse tikudziwa atsikana amene sukulu inathera panjira chifukwa cha munthu amene makolo ankamutcha aphunzitsi. Kukhala wosalakwa kwanga si yankho kwa iwo, popeza wolakwayonso amanena zomwezo, ndi nkhope yofatsa yomweyo. Yankho lake ndi dongosolo loti ngakhale ndikanakhala woipa ndisapeze mpata. Ndinawauza kuti tili ndi mphunzitsi wamkazi mmodzi. Anati mmodzi akadwala mutu? Dzulo ndakapempha mayi wina wa mother group, wavomera kukwera nafe. Atsikana asanu ndi awiri agona chipinda chimodzi ndi amayi awiriwo, ife amuna kwina, ndipo palibe mwana apite kuchimbudzi usiku yekha kapena ndi munthu wamwamuna. Ndalamayo ya chakudya cha mayiyu yatuluka m'thumba mwanga, bajeti inali itatsekedwa kale.

Mzere uja sindinathe kuuchotsa, ulipobe pa makalata onse 16. Chimene ndinachita ndi kutuma ana kuti makolo amene angathe abwere madzulo a lero, anabwera asanu ndi anayi. Ndinawawerengera mzerewo m'Chichewa, ndipo ndinawauza zimene ndikulonjeza ndi pakamwa panga, zimene sizili papepala: kuti ku Sapitwa sitiyandikirako, kuti wotiperekeza mmodzi akhala patsogolo ndipo ine ndikhala wotsiriza kumbuyo, kuti tikafika ku Likhubula n'kupeza chiperoni chaphimba, otiperekeza n'kunena kuti ayi, tibwerera ngakhale ndalama ya galimoto yapita kale. Bambo wina anamutulutsa mwana wake pa ulendowu atamva za imfa. Mnyamatayo anandiyang'ana ngati ndamubera. Mwina ndamuberadi, sindikudziwa. Ndikanakhala chete bwenzi mawa ali nafe, ndipo mwina, pafupifupi ndithu, akanabwerako bwinobwino ndi nkhani zosimba moyo wake wonse. Kalata yake ili pano ndi siginecha ya bambo ake yosafufutidwa, koma sakwera.

Agogo aja sanabwere kumsonkhanoko, miyendo. Tsiku lija ndikutsanzika anandiuza kuti ndidikire, amalume ake a mwanayo amve kaye, poti mwini mbumba ndi iwowo. Pakalata pathu palibe mpata wa amalume. Yankho lafika lero masana kudzera mwa mtsikana yemweyo: apite. Anabwera ndi chitenje chokulungamo mtedza wokazinga, ati agogo akuti wina mupatse aphunzitsi, pamwamba paja njala imabwera msanga.

Panopa nthawi yadutsa 11 koloko. Ndatuluka panja kawiri kukayang'ana cha ku Chambe. Ulendo woyamba nyenyezi zimaoneka mpaka pa mutu wa phiri. Ulendo wachiwiri mbali imodzi inali itazimirira, kaya ndi mtambo wongodutsa kaya ndi chiperoni chikubwera kuchokera ku Mozambique. Galimoto ifika 5 koloko.